Manda Anali Akuya, Abwana

Anagogoda Lachinayi m'mawa, sabata yoyamba ya Juni, ndikusita diresi yanga yofiira. Magetsi ku Zakazaka anali atathima kuyambira dzulo lake, ndiye ndinali nditangothira makala m'simbi. Pakhomo panaima abambo awiri ovala zovala wamba ndi mayi mmodzi wa yunifolomu ya polisi.

"Ndinu mayi oimba aja?" anafunsa wamtaliyo.

"Oimba mu Zomba muno ndi ambiri, achimwene. Mukufuna uti?"

"Wa pamaliro a ku Matawale."

"Ndine."

"Tiyeni mukatithandize pang'ono ku ofesi. Simuchedwa ayi, nkhomaliro mudzadyera kuno."

Mwana wanga wamkazi, amene amasoka zovala pakhonde la sitolo ina m'tauni, anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi juzi. Wamtali uja anaseka nati juzi ya chiyani dzuwa lonseli. Koma wapolisi wamkaziyo anayang'ana kumbali n'kunena chapansipansi, "Tengani, mayi." Apo m'pamene ndinadziwa kuti nkhomaliroyo ichedwa. Inachedwadi masabata khumi ndi imodzi.

Maina sinditchula m'nkhaniyi. Eni ake akudzidziwa, ndipo ena mwa iwo ndimakumana nawo pamsika tikusankha tomato pamulu umodzi.

Ndinabadwira ku Malosa, ndipo kwaya ndinaiyamba ndili wamfupi moti ankandiimika panjerwa kuti ndioneke. Akale anati ukaipa dziwa nyimbo. Ine kalilole anandiuza zoona ndikadali mtsikana, choncho nyimbo ndinaidziwa. Amalume anga atabwerako ku Joni anabwera ndi wailesi ya makaseti ndi nyimbo za anthu akuda a ku Amereka, zija amati soul. Ndinamvetsera mpaka makasetiwo anatafunika. Ndinapeza kuti azimayi amenewo akamalirira mwamuna wowathawa amakoka mawu chimodzimodzi ndi mmene ife timakokera polirira Yesu.

Nditakula ndinkaimba malo awiri. Loweruka ndinkakwera phiri kukaimbira alendo pahotela ina ya pamwamba, ndi gulu la zida la abambo anayi. Lamulungu ndinkatsogolera kwaya kutchalitchi. Akulu a mpingo zinawanyansa, ndipo anandiimitsa Mgonero chaka chathunthu. Ndinawauza kuti Ambuye anandipatsa khosi limodzi, silidziwa kusiyanitsa Loweruka ndi Lamulungu. Chuma changa chinali mawu okwera. Pamene anzanga ankalekera, ine m'pamene ndinkayambira, ndipo ndinkatha kuwagwira pamenepo mpaka anthu kuimirira. Mawu amenewo ndiwo analera mwana wanga bambo ake atamwalira, ndiwonso anafolera nyumba ya ku Zakazaka ndi malata.

Malemu a ku Matawale aja anali mnzanga wa pamtima. Tinaimba limodzi zaka zoposa makumi awiri, iye pansi, ine pamwamba. Ankagulitsa nthochi. Tsiku lina akuwoloka msewu, dengu lili pamutu, anagundidwa ndi galimoto imodzi ya pamdipiti wa bwana wina wandale. Mdipitiwo sunaime.

Kwathu maliro ali ndi dongosolo lake. Zolankhula zonse, za abale, za mafumu, za andale, zimathera kusiwa. Kumanda amalankhula m'busa yekha. Bokosi likangoyamba kutsika, nyimbo imayamba, ndipo siimadulidwa mpaka adzukulu atakwirira, ataumba mtumbira, ataika makasu pansi. Mavesi akatha mumabwereza. Oferedwa sayenera kumva dothi likugwera pabokosi popanda chowaphimba m'makutu. Aliyense amene anaikako maliro amazidziwa zimenezi.

Bwanayo kusiwa sanabwere. Anafikira kumanda, mochedwa, ndi magalimoto asanu, ojambula, ndi anyamata ovala makaka a chipani. Dothi linali lisanafike n'theka lomwe. Woyendetsa mwambo anandithamangira thukuta lili kamukamu.

"Chemwali, dulani kaye. Abwana alankhule, apereke chipepeso, ali ndi msonkhano wina."

Maikolofoni inali m'manja mwanga. Ndinapitiriza.

Ndinene zoona, chifukwa ndinalumbira kuti m'nkhaniyi sindidzikometsa. Vesi loyambalo ndinapitiriza chifukwa cha mwambo basi. Sindinaganize n'komwe. Koma pofika vesi lachitatu ndinali nditamuona, ataima pafupi ndi ana a mnzanga, magalasi akuda kumaso, akuyang'ana wotchi. Kuyambira pamenepo ndinaimba chifukwa ndinafuna. Wina anazula chingwe cha chimkuzamawu, koma khosi langa silinkayendera batire. Amayi a mpingo anaipolokeza, kenako manda onse. Ndipo adzukulu, anthu amwano chibadwire, anayamba kukwirira pang'onopang'ono ngati akubzala mtedza.

Bwanayo anaima, naima, kenako anatembenuka n'kukakwera galimoto. Achinyamata ena anamukuwiza, ndipo mwala umodzi unaphwanya galasi la galimoto yakumbuyo. Ine mwalawo sindinauone, ndinali ndikuimba. Pofika madzulo kanema anali atazungulira m'mafoni a tauni yonse.

Amene anandifunsa kupolisi anali bambo wathupi, wa mawu ofatsa ngati mlaliki. Pambali pake panakhala wolemba. Tsiku loyambalo ankanditchula kuti mayi.

"Mayi, nyimbo ija ili ndi mavesi angati?"

"Anayi, abwana."

"Mavesi anayi amatenga mphindi zingati?"

"Zisanu. Zikachuluka, zisanu ndi imodzi."

"Inu munaimba mphindi makumi awiri ndi zisanu. Kanema tili naye. Chifukwa chiyani?"

"Manda anali akuya, abwana."

Wolemba uja kuseka kunamupulumuka, n'kukusandutsa chifuwa. Wofunsayo sanaseke.

"Anakutumani ndani? Chipani chiti?"

"Anandituma ndi malemuwo. Tinapangana kalekale kuti wotsala adzaimbire mnzake mpaka pomaliza."

Anandigoneka m'chitolokosi. Lachisanu m'mawa anandiitananso, wolemba kunalibe, ndipo umayi wanga unali utatha.

"Iwe," anatero, "tione ngati kakhosi kameneka kali ndi fupa."

Anandigwira pamene woimba sagwiridwa. Dzanja lake linali lalikulu ndipo ankadziwa pofinya. Anachita zimenezi katatu, ndipo pakatipakati ankandipatsa madzi kuti ndithe kuyankha. Dzina la chipani sindinamupatse, chifukwa ndinalibe. Masiku asanu otsatira kumeza malovu inali ntchito.

Lolemba ananditengera kukhoti. Anawerenga mlandu wosokoneza mtendere ndi wolimbikitsa chipolowe. Woimira boma anati belo asandipatse chifukwa kafukufuku akupitirira. Woweruza analemba osadzutsa mutu. Mwana wanga anali pabenchi yakumbuyo atagwira pakamwa, ndipo ndinamukodola kuti asalire pamaso pawo.

Za ndende anthu analemba kale zambiri, ine ndinenako za kuzizira. Amene sanagonepo pasimenti ya Zomba mwezi wa Juni asamanene kuti amadziwa chisanu. Chiperoni chikatsika m'phiri chinkalowa pazenera lopanda galasi n'kunyowetsa bulangete limodzi lomwe ankatipatsa. Ankatitsekera dzuwa likadali m'mwamba. Chakudya chinali kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nandolo wofumbwa. Pamwamba pa mpanda phiri linkaoneka, mitengo ya paini ili ndondondo. Hotela sinkaoneka, koma ndinkadziwa pomwe ili, ndipo Loweruka lililonse masana ndinkadziwa kuti anzanga akuchuna magitala.

Amene ankagona pafupi nane anali mayi wachisilamu wa ku Songani, wogulitsa usipa. Anamangidwa chifukwa chomenya wodula ziphaso pamsika ndi beseni, ndipo ankati chomwe amadandaula n'choti beseniyo inapindika. Tsiku loyamba anandiyang'ana pakhosi pomwe panali zizindikiro zakuda za zala zinayi. Anangomasula mpango wake wachiwiri n'kundikulunga nawo.

"Chemwali, kanema wanu ndinamuona," anatero. "Kwathu pamaliro timachita sikiri, nyimbo yathu yoperekeza maliro. Atabwera munthu kudzaidula, kaya ndi bwana kaya ndani, amene uja sakanafika pagalimoto ali ndi nsapato zonse ziwiri."

Malamulungu awiri oyambirira akaidi anandipempha kuti nditsogolere nyimbo pabwalo. Mawu anali okhakhala, koma ankakwera ndithu. Mbali ya abambo, kuseri kwa khoma, inkayankha besi. Sabata yachinayi gadi wamkulu wa mbali yathu anabwera ndi uthenga.

"Iwe woimba, pano si pahotela. Lamulo labwera, ukangotsegula kukamwako ukagona kwa wekha."

Nthawi imeneyo chifuwa chinali chitandigwira kale. Ndinkatsokomola mpaka kuona nyenyezi, ndipo tsiku lina m'makhololo munatuluka magazi. Wachipatala wa mundendemo, bambo waulemu amene analibe china koma panado, anandiunika kukhosi ndi tochi ya foni yake. Anapukusa mutu nati mkatimo mwatupa ndipo muli bala, pakufunika dokotala wa khosi ku Blantyre mwamsanga, apo ayi mawu apita. Anati kalata alemba. Ndikhulupirira kuti analembadi.

Sabata yachinayi anandiletsa kuimba. Yachisanu ndi chimodzi anabwera kudzandipempha kuti ndiimbe.

Linali Lolemba. Anandiitanira ku ofesi ya mkulu wa ndende, komwe ndinapeza mpando, tiyi wamkaka, ndi mkulu wa mpingo wathu atavala jekete yake ya pa Mgonero. Anali yemwe uja amene zaka zapitazo anawerenga dzina langa kutsogolo kwa mpingo pondiimitsa. Anayamba ndi pemphero lalitali. Atati ameni anatulutsa pepala.

"Chemwali, abwana aja mtima wawo ndi wabwino. Akuti nkhaniyi ithe. Musaine apa kuti munalakwitsa. Loweruka likudzali kuli msonkhano pabwalo la mpira. Mukavale chitenje chawo, mukaimbe nyimbo imodzi, ya mphindi zitatu zokha, ya Mulungu yomweyo. Lamulungu galimoto yawo ikutengerani ku Blantyre kwa dokotala. Mlandu utha."

"Pepalali likuti ndinalakwitsa chiyani, abambo?"

"Kuti simunadule nyimbo mutauzidwa."

"Inuyo mwaika maliro angati?"

"Ambiri."

"Munadulitsapo nyimbo bokosi likuonekera?"

Anayang'ana m'kapu ya tiyi. "Wamkulu salakwa, chemwali. Dziko ndi mmene lilili."

"Munandimana Mgonero chaka chathunthu chifukwa choimbira alendo akudya chambo. Alendowo sanagunde munthu. Lero mwavala jekete kudzandipempha zimenezi?"

Sanakwiye. Anangoti ndiganize bwino, adzabweranso Lachisanu. Tiyiyo ndinamwa yense, ndi shuga wake, chifukwa kukana tiyi sikukanaukitsa mnzanga.

Lachitatu mwana wanga anabwera kudzandiona. Tinalankhulana kudzera pawaya, anthu akukuwa mbali zonse, ndipo iye anachita kuika khutu pawayapo kuti andimve.

"Amayi, tamvani mmene mukulankhulira. Sainani. Anthu onse akudziwa kuti simunalakwe, ngakhale mukaimbe palibe amene adzakunyozeni. Amayi, khosi limeneli ndi lomwe tili nalo."

Analira, ine ndinalephera kumukalipira chifukwa ankanena zoona. Ngakhale mnzanga wa ku Songani, womenya anthu ndi beseni uja, anati, "Pepala ndi pepala, chemwali. Sainani, mukachire, mukawatukwanire kunja."

Ndinachita mantha. Ndikunena poyera kuti wina asadzandiimike paguwa. Ndende sindinkaiopa kwenikweni, imfa ndinali nditaiimbira kambirimbiri. Chomwe ndinkaopa n'kukhala ndi moyo zaka zina makumi awiri ndikutsegula pakamwa osatuluka kanthu. Lachinayi m'mawa ndinali nditavomera mumtima. Ndinakhala padzuwa pafupi ndi mpopi n'kuyamba kusankha nyimbo yoti ndikaimbe Loweruka.

Apo m'pamene zinavutira. Woimba amadziwa kuti nyimbo imatenga fungo la malo amene waiimbira. Imene ndikanaimba nditavala nkhope ya munthu ameneyo pachifuwa sindikanadzaiimbanso pamanda a wina aliyense, kapena pa Mgonero, kapena ndikuchapa. Ndinafunika kupeza imodzi yoti ndiitaye. Ndinayamba ndi za m'buku la nyimbo, tsamba ndi tsamba, pamtima. Iyi tinaimba poika amayi anga. Iyi tinaimba paukwati wa malemu mnzanga uja, mvula ikudontha m'tchalitchi. Iyi ndi yomwe ankaimba mopotoza dala kuti ndiseke. Ndinapita kwa zanga zopeka ndekha, ndinapita ngakhale kwa za kuhotela. Paliponse mawu ake apansi aja analipo, akundichirikiza. Dzuwa linapendeka, belu lotsekera linalira, ndisanapeze ngakhale imodzi yoti ndingapereke.

Lachisanu mkulu wa mpingo anabwera ndi cholembera chatsopano. Tiyi kunalibe.

"Abambo," ndinanong'ona, chifukwa mawu anali atatsala ochepa, "mukawauze kuti ndafufuza m'nkhokwe monse. Yawo mulibe."

Pobwerera, gadi wamkulu uja anandikankha pamsana. "Ndiye uwolera momwe muno."

"Chabwino, amayi. Nanga bulangete lachiwiri lingapezeke?"

Silinapezeke. Msonkhano unachitika Loweruka, ndipo mphepo inkatibweretsera phokoso la zimkuzamawu. Anapeza woimba wina. Ankaphonya manotsi apamwamba, ndipo ndivomereze kuti zinandisangalatsa.

Sabata yachisanu ndi chitatu, m'mawa wina, ndinafuna kumuuza mnzanga wa ku Songani kuti wapondera juzi yanga. Pakamwa panatseguka, panatuluka mpweya wokha. Ndinayesanso. Iye anandiyang'ana, n'kutembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Kuyambira tsiku limenelo ankandiyankhira dzina potiwerenga. Kalata ya wachipatala ija sinayankhidwe.

Kukhoti ananditengeranso katatu. Koyamba faelo inali isanafike. Kachiwiri mboni inali yotanganidwa. Loya wina wachitsikana amene anadzipereka kundiimira anandifotokozera kuti mboni yeniyeni ndi bwanayo, ndipo kuti achitire umboni ayenera kuima m'bokosi n'kuyankha chomwe ankadzapepesa pamaliropo. Kachitatu, Lachiwiri lina mu Ogasiti, fumbi litayamba kuuluka, woimira boma anaimirira nati boma silikufuna kupitiriza mlanduwu. Zinatenga mphindi ziwiri. Woweruza anati ndine mfulu, osadzutsabe mutu. Wopepesa panalibe, ndipo ine sindinayembekezere.

Ndinabwerera kundende kukasainira katundu wanga: mphete, lamba, ndi foni yakufa. Pepala limenelo ndiye ndinasaina ndi mtima wonse. Juzi ndinamusiyira mnzanga wa ku Songani, amene mlandu wake wa beseni unali usanalowebe m'khoti. Ndinafuna kumubwezera mpango wake, anakana. Pachipata gadi wamkulu uja anati, "Usadzabwerenso, woimba." Ndinamugwadira pang'ono mwaulemu wa kwathu, popeza pakamwa panalibe choyankhira.

Dokotala wa ku Blantyre analowetsa kachipangizo kounikira kukhosi, nayang'ana nthawi yaitali. Anati timinofu timene timatulutsa mawu tinavulala, kenako tinapola mokhota, ndi zipsera. Anati kulankhula kubwerera, kuimba kwapansi mwina. Nditamulozera kumwamba ndi chala, anavula magalasi.

"Mayi, mukanabwera mwezi wapitawo, bwenzi tikukamba zina."

Mwana wanga anali pomwepo. Sananene kuti ndinakuuzani, ndipo chifukwa cha chimenecho ndidzamulemekeza mpaka kufa.

Kulankhula kunabwereradi, mvula yoyamba isanagwe. Patapita miyezi anzanga a kuhotela anandiitana kuti ndikayese. Anatsitsa nyimbo zonse mmene akanathera. Ziwiri ndinazikwanitsa. Yachitatu itafika pamalo paja pomwe anthu ankaimirira, ndinakoka mpweya monga kale, ndipo panatuluka kamluzu ngati ka ketulo. Woimba gitala anaphimba msangamsanga. Alendo anaomba m'manja mwaulemu. Ndinatsika phirilo wapansi, pakati pa azimayi osenza nkhuni, ndikulira mokweza, ndipo mmodzi anandifunsa kuti maliro ali kuti. Sindinakwerenso.

Lero ndimaphunzitsa kwaya. Ndimaomba m'manja, ndimaloza ndi chala, ndimakalipa ndi mawu anga okhakhalawa, ndipo atsikana amakwera pomwe ine ndinkakwera. Ena amandiopa, ndipo akuchita bwino. Anthu akandiona pamsewu amati ndine wolimba mtima. Sadziwa kuti m'mawa uliwonse ndimayesabe notsi ija kubafa, ngati munthu wogogoda pakhomo pa nyumba yomwe eni ake anasamuka.

Mwana wanga anandifunsa kamodzi kokha, tikusankha mpunga pakhonde.

"Amayi, simudandaula?"

"Ndimadandaula tsiku lililonse."

"Ndiye akanabweranso ndi pepala lija?"

"Ndikanamwanso tiyi wawo."

Ndisanamangidwe ndinkaganiza kuti ufulu ndi kuimba chomwe ukufuna. Mkatimo ndinaphunzira kuti ulinso ndi theka lina, lomwe ndi lodula kwambiri: kutseka pakamwa munthu wamphamvu akalamula kuti imba. Theka limenelo ndinaligula ndi khosi langa, ndipo sindinamiza aliyense kuti linali lotchipa.

Bwana uja akadalipo, mdipiti wake umadutsabe. Ukamadutsa anthu amathawira m'ngalande, ine ndimaima m'mbali mwa msewu n'kumuyang'ana. Ankafuna nyimbo imodzi ya mphindi zitatu. Anali ndi apolisi, makhoti, mpanda, chisanu cha Juni ndi mkulu wa mpingo. Mawu anga anawatenga. Nyimboyo mpaka lero akuidikirabe.